Amayi Osakwana M'lichero

Ndinawadziwa a Ooi Gaik Sim, mayi amene anali mkhalakale pantchito yathu, m'chaka cha 1988, pa fakitale ina ya ku Bayan Lepas, komwe tinkapanga timakina toyatsa ndi kuzimitsa mapampu a madzi. Anandipeza nditagwira tsaya, mpunga wanga utazizira patsamba la nthochi.

"Iwe Selvam, wafedwa?"

"Ayi achemwali, pulogalamu yanga ikukana kulowa."

Ndinali pa miyezi yoyesedwa ntchito, mkazi wanga ali woyembekezera, ndipo abwana anali atanenetsa kuti kamakinako kakapanda kuyenda pofika Lachisanu, ndikasake kwina. Kanali ndi mosungira pulogalamu muwiri. Mwina munali motakata, mosafufutika ngakhale magetsi azime, ngati nkhokwe. Mwinamo munali mwachangu koma mochepa, ngati lichero. Kusukulu anatiphunzitsa kuti makina akayaka, pulogalamu iyambe yatapidwa m'nkhokwe n'kuthiridwa m'lichero. Yanga inkasefukira. Ndinaidula, ndinaifinya, koma ayi ndithu.

A Gaik Sim anakankhira magalasi pamphumi.

"Ukuisamutsiranji? Ukafuna kuwerenga chikwangwani cha pamsewu, umachizula n'kupita nacho kwanu?"

"Koma m'nkhokwe ndi mochedwa."

"Nanga pampu ikuthamangira kuti, ku ukwati? Malamulo a m'pulogalamuyo asiye pomwe ali, makina aziwawerenga pomwepo. M'licheromo muzikhala zokhazo zosinthasintha."

Anakhala nane masana awiri, tikulozera lamulo lililonse malo ake m'nkhokwemo. Lachinayi pampu inalira. Kwa abwana anangoti, "Selvam wakonza," n'kupita kukamwa khofi. Ndinagwira ntchito pamenepo zaka makumi atatu. Ana anga onse analeredwa ndi masana awiri amenewo.

A Gaik Sim atakalamba, maso atachita chidima, mwana wawo anafuna kuwatengera ku kanyumba kake ka pa nsanjika ku Kuala Lumpur. Ndinapita kwawo ku Balik Pulau kukawatsanzika, nditawagulira laksa, msuzi wa nsomba wowawasa umene ankaukonda. Ndinawapeza ali phee pakhonde, katundu wosamanga.

"Sindipita ine. Ndamuuza kuti amayi ake sakwana m'lichero."

Tili mkati mwa kudya, magetsi anazima, kenako n'kubweranso. Nthawi yomweyo, kuseri kwa nyumba, pampu yothirira mitengo yawo ya zipatso inayamba kuguguda.

Anakweza chala. "Wamva? Osachedwa n'komwe. Ndi pulogalamu yako ija imeneyo."

"Ndi yanu, achemwali."

"Usandinyengerere, idya. Ndipo tsabola wachepa."