Chitedze m'bulangete la ku Boliviya

Inu owerenga, akuluakulu a mpingo andiuza kuti ndivomere kulakwa. Chabwino: ndine ndinathira chitedze m'bulangete la mishoni. Koma zopepesa iwalani.

Mpingo wathu umapemphera m'galaja ku Troyeville kuno ku Joni. Chaka chatha kunabwera mayi wina wa mishoni wotumikira ku Boliviya, kolankhula Chisipanishi. Anationetsa zithunzi za katchalitchi kopanda zitseko pamwamba pa phiri, ana akuimba uku akunjenjemera, ndipo anapempha zofunda. Ngakhale ine wamwanone zinandikhudza.

Wosonkhanitsa katundu anali mkulu wa mpingo, a Gwaza. Banja lililonse limakapereka kutsogolo likuvina, dzina likutchulidwa. Mayi anga, omwe amachapa m'nyumba za eni, anapereka juzi yanga yofiira. Pasanapite nthawi ndinakumana ndi mwana wa a Gwaza ku Jeppe ataivala, chigamba cha pachigongono chili pomwepo. Nditawauza mayi anandikalipira, amvekere wodzozedwa sanenedwa. Ulendo wachiwiri anatulutsa bulangete lawo latsopano, mu Juni, chisanu chikulowa m'mafupa.

Msuweni wanga wa ku Ntcheu ananditumizira chitedze m'kabotolo pa basi. Mayi asanakalipereke, ndinachiwaza m'bulangete monse n'kulibwezera m'pulasitiki yake. Ndinkadziwa kuti ku Boliviya silikafika.

Lamulungu lotsatira a Gwaza anakwera paguwa maso ali psu. Anayamba kukanda khosi, kenako kukhukhuza msana pakona ya guwa ngati mbuzi pachipupa. Kumbali ya amayi, akazi awo chimodzimodzi. Ndinaimirira n'kufuula: "A Gwaza, bulangete la mayi anga ndinalithira chitedze! Ku Boliviya mwabwerako liti?"

Eish, chipwirikiti chake! Amayi a mpingo anakapeza katundu atadzaza m'chipinda cha a Gwaza, n'kukamupereka okha kwa wa mishoni uja. Koma olangidwa ndife. A Gwaza akuti Satana anangowayesa. Mayi anga anawaimitsa kwaya chifukwa cholera mwana wamwano, ndipo teremu ikatha akundibweza ku Ntcheu. Ndipita ndikuseka.

Inu owerenga, perekani ndithu, ana aja akuzizidwadi. Koma katundu wanu mumuperekeze ndi maso mpaka atuluke m'manja mwa anthu ngati a Gwaza. Chimene ndimanong'oneza nacho bondo n'chimodzi: ndinawaza ndi manja osavala kanthu, ndiye pomwe iwo ankakanda kwawo, ine ndinkakanda kwathu. Valani mapulasitiki m'manja.