Dzina la Agogo Pansi pa Chithunzi

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la buledi wotentha ndi utsi wa nkhuni za tsanya, umene unakanirira m'jekete lawo ngakhale atasiya ntchito kalekale. Anaphikira ansembe zaka zambiri m'nyumba yanjerwa ya pamishoni, kufupi ndi Rivirivi, ndipo mudzi wonse unkangowaitana kuti a Khukhi. Ansembe ankati Petulo. Ife adzukulu tinkangoti agogo, poti mwana wotchula dzina la wamkulu ankalawa mbama.

Anali munthu wovuta. Ankanunkhiza mbale asanadyeremo, ndipo akamva mafuta ankatibweza nayo kumtsinje. Koma ine ankandikonda, chifukwa ndinali woyamba pabanja pathu kudziwa kuwerenga.

Nyumba ija atayisandutsa yosungiramo zinthu zakale, ine ndili Sitandade 4, agogo anasita jekete nanditenga kuti tikaone. Anthu onse ankalowera khomo lakumaso, koma iwo anazungulira kuseri, navula nsapato pakhomo la khitchini monga kale. Anasisita chitofu chachitsulo, uku akudandaula kuti achilekerera mpaka chachita dzimbiri. M'chipinda chodyera tinapeza chithunzi pakhoma: ansembe atatu pamipando, kumbuyo kwawo mwamuna wowonda atanyamula thireyi. Anali iwo.

Anandiuza kuti ndiwawerengere mawu a m'munsi mwake. Panali mayina atatu a ansembe, kenako mawu akuti "ndi wophika wawo". Nditaona mmene ankandiyang'anira mwachiyembekezo, ndinanama kuti dzina lawo lilipo.

"Liti, mdzukulu wanga? La ubatizo, kapena lakwathu?"

"Lakwanu, agogo."

Anayang'anitsitsa chithunzicho. Kenako ananena motsitsa mawu kuti dzinalo anawapatsa ndi amayi awo ku Mozambiki asanawoloke malire, ndipo sanalimveponso pakamwa pa munthu chimwalirireni amayiwo. Ndinadikira kuti alitchule. Sanalitchule, poti ankayesa kuti ndangoliwerenga kumene. Kufunsa sindikanatha, bodza langa likanaululika.

Pobwerera anandigulira chigumu pa Ulongwe, nauza aliyense mu minibasi kuti ansembe sanawaiwale. Ine chigumucho sindinachimalize. Dzinja lotsatira anamwalira.

Chaka chatha ndinapitakonso, tsopano ndili ndi ana anayi. Ndinauza mayi woyang'anira nyumbayo kuti wophika wa pachithunziyo ndi agogo anga. Anasangalala, anatenga cholembera, nati akonza mawuwo sabata yomweyo.

"Dzina lawo ndani, mayi?" anandifunsa.

Ndafunsa mudzi wonse, ndafunsa azakhali anga amene atsala okha pa ana awo. Onse akuti a Khukhi. La Petulo ndikanatha kupereka, koma si limene ndinawauza agogo kuti lalembedwa, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Mayi uja anandipatsa kapepala koti ndidzalembepo ndikadzalipeza. Kadakali m'chikwama changa, kopanda kanthu.