Mawaya a Kandulo

Mwaswera bwanji nonse. Ine lero ndawachititsa manyazi bambo.

Mukuidziwa pikapu yawo ija anagula chaka chimene Apwitikizi ankachoka. Nditaikamo injini yaikulu, panangotsala mawaya a mapulagi, ndiye dzulo ndinaoloka malire kukagula ku Muloza, mbali ya Malawi. Paja kwathu kuno pulagi timati vela pa Chipwitikizi, ndipo kandulo timatinso vela. Pofuna kumveka ngati wa ku Malawi, ndinati, "Ndikufuna mawaya a kandulo."

Sitolo yonse inafa nalo phwete. Wogulitsa anayesa kundifunsa kuti injini yake ndi yotani, koma ine ndi manyaziwo ndinangotola ofiira opyapyala, kulipira, ulendo. Okhuthala opirira kutentha ndinawasiya pomwepo.

M'mawa uno bambo anatchena suti, akuti akafike kutchalitchi ku Mongue pa galimoto yawoyawo. Titangofika pamsika, mawaya aja anakhudza ekizozi n'kusungunuka. Utsi tolotolo, injini zii! Anthu anasiya malonda n'kutiunjirira.

Bambo anatsika, anasuzumira m'boneti, n'kunena kuti, "Galimotoyi ndinaibisa m'nthochi nkhondo yonse ija, sinapse. Koma makandulo akowa ayakadi."

Kuteroko nkhani ya dzulo inali itawapeza kale. Anakwera njinga ya kabaza ndi suti yawoyo, osacheuka n'komwe.

Achimwene, inu mumawadziwa bwino bambo. Ndikapepese lero lomwe, kapena ndiyambe ndaikonza kaye? Nanga ndani andiolokere ku Muloza? Ine sitolo ija sindidzapondamonso.