Kompyuta ya malume inatsala pang'ono kulowa m'manda

Ndinadzuka tambala asanalire, msana uli gwa chifukwa chogonera thumba la feteleza. Amayi a mpingo anali atachezera kuimba pa maliro a malume mpaka kusasa mawu. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale pansi pa madiramu a tiyi, ndipo kunkawaza kamvula kozizira kamene kuno ku mapulazi a ku Arcturus timati guti.

Malume anali kalaliki wa papulazi kalelo. Atakalamba anasonkhanitsa achinyamata a m'komboni n'kumadzutsa makompyuta otayidwa, kuikamo mapulogalamu aulere aja omwe aliyense amatha kuwatsegula n'kuwakonza. Kompyuta yaikulu, yomwe ana a pasukulu amakokamo maphunziro awo onse, inkakhala pansi pa tebulo m'nyumba mwa malumewo.

Chaka chino gululo linagawanika. Kunabwera chigawo chatsopano cha pulogalamu, chodzutsa kompyuta ndi kuyang'anira zonse za m'katimo. Ena ankati n'chofulumira, anzathu konsekonse atenga chomwecho. Malume ankati chinthu chimodzi chikagwira zonse, tsiku lodwala icho zonse zagona. Atagonja pa mavoti anakauza akazi awo kuti bola adzawakwirire nayo kompyutayo kusiyana n'kuti muikidwe zimenezo. Ambuya, akazi awowo, anasunga mawuwo.

Kutacha, anthu anayamba kufika pa timabasi ta kombi ndi pa ngolo ya thirakitala. Ofuna chigawo chatsopano chija anakhala pansi pa mtengo wa bulugamu, okonda chakale kukhonde. Sanapatsane moni.

Titatulutsa bokosi la maliro, ambuya anatuluka atanyamula kompyuta ija, yokulungidwa m'chitenje. Kwathu munthu amapita ndi chinthu chomwe sankasiyana nacho, ndipo mawu a womwalira satsutsidwa maliro ali pakhomo. Mphunzitsi wamkulu anangogwira kukamwa. Mayeso a ana anali pafupi.

Mbali zonse ziwiri zinathamangira kwa ine kuti ndikapulumutse kompyutayo, poti ndimagulitsa mafoni akale kutauni ya Ruwa ndipo ndimanenerera mtengo mpaka wogulitsa kuiwala kuti katundu ndi wake. Ndinalowa m'nyumba, ndinalonga zipangizo zina za kompyutayo m'jekete, n'kukayenda pambali pa ambuya pa ulendo wa kumanda, matope akumata nsapato.

Ndinayambira pansi ngati pamsika. Ndinawaonetsa chingwe cha magetsi, ndati malume apite ndi chimenecho m'malo mwa kompyuta, poti n'chimene ankachisamala kwambiri.

"Iwe, ukundiyesa kasitomala?"

Titadutsa zigafa za fodya ndinatulutsa kambewa ka kompyutayo. Sanacheuke n'komwe. Ndinkatuluka thukuta m'chisanu chonsecho, achinyamata a mbali zonse ali pambuyo panga, tsopano akuyenda mothithikana osazindikira.

Kumanda adzukulu anatsitsa bokosi, mmodzi wa iwo n'kutambasula manja kuti alandire chitenje chija. Nyimbo inaleka. Ine ndinatsala ndi chinthu chimodzi. Ndinagwada n'kutulutsa kiyibodi ya malume, zilembo zitafufutika, pakati pali dontho la tiyi louma.

"Ambuya, chimene mwanyamulacho ankangochigunda ndi phazi. Zala zawo zili apa."

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta madontho a mvula ndi chala, pamabatani osalalawo. Kenako anandisenzetsa kompyuta ija, yolemera ngati njerwa zonyowa, n'kupereka kiyibodi kwa mdzukulu. Dothi linayamba kugwa.

Pobwerera ambuya anaima pakati pa njira n'kuitana atsogoleri a mbali ziwirizo. Anati kompyuta ibwerera pansi pa tebulo, ana aziphunzira, koma kiyibodi ina sidzalowa m'nyumba mwawo pokhapokha gulu lonse litabwera nayo pamodzi, litamvana. Awiriwo anakwera kombi imodzi, wina kutsogolo, wina kumbuyo.

Madzulo moto unazima, madiramu atavundikiridwa pabwalo. Ndinalumikiza chingwe chomwe ndinkafuna kuponya m'manda chija. Kompyuta inadzuka mwachikale, pang'onopang'ono. Ambuya anakhala pampando wa malume, phazi lawo litatsamira pamakinawo, ndipo m'nyumba monse munkangomveka kulira kwa kompyutayo kwapansipansi.