Bango la Amalume

Dzulo ndinapita ndi mwana wanga kwa telala pa Ntchisi Boma kukamusoketsera yunifolomu. Telala atamuika tepi paphewa n'kuyamba kuitsitsa, ndinayang'ana kumbali. Sinditha kuonerera mwana akuyezedwa.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kwathu ku Dzoole. Mkulu wanga, mtsikana amene ndinkagona naye mphasa imodzi, anali atadwala sabata yathunthu. M'nyumba munkangomveka fungo la mankhwala azitsamba ndi bulangete lonyowa. M'mawa umenewo mvula inali itakata, koma palibe anapita kumunda. Amayi anangokhala pakhomo, moto osasonkha.

"Usalowe," anatero, "mkulu wako wagona."

Kenako amalume anatulukira kuchokera kudambo atanyamula bango lalitali, laliwisi. Sanapereke moni kwa aliyense. Analowa m'nyumba, ine n'kuwatsata monyang'ama.

Mkulu wanga anali pamphasa, atamufunditsa mpaka kumutu. Amalume anagwada n'kugoneka bango lija pambali pake, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinakumbukira kuti chaka chapitacho anatiyeza tonse awiri ndi chingwe asanakatigulire madiresi a Khirisimasi. Nsanje inandigwira. Chaka chino amugulira iye yekha?

Anathyola bango lija pomwe panathera mapazi, n'kutaya chotsalacho pansi.

Ndinathamanga n'kukagona chagada pambali pa mkulu wanga, miyendo nditaiwongola bwinobwino.

"Amalume, inenso mundiyeze."

Amalume anadzuka n'kutuluka nalo bango lija, kukapereka kwa okumba manda. Pakhomo paja amayi anatulutsa mawu amene ndinali ndisanawamvepo.