Ayub ndi Phokoso la Chigayo cha Mpunga

Ayub ndinamuphunzitsa masamu ku Lifuwu. Anali mwana wofatsa, wosachedwa kumva. Anapita kukoleji kukaphunzira zauinjiniya, koma bambo ake atamwalira anabwerera asanamalize kuti adzayendetse chigayo chawo chopunthira mpunga. Chigayocho ndicho chinkadyetsa amayi ake ndi azing'ono ake.

Mavuto anayamba kachipatala ka amayi oyembekezera katamangidwa pafupi pomwepo. Komiti ya chipatala inamuuza kuti phokoso likapanda kuchepa, chigayo chitsekedwa.

Ndinkamupeza atakhala pa matumba, kompyuta ili pamiyendo, maso ali psuu.

"Aphunzitsi, njira imodzi siikukwanira," anandiuza tsiku lina. "Phokoso losongoka ndimaliwerengera ngati kuwala kwa tochi, likagunda khoma limabwerera. Koma la besi lija, logwedeza chifuwa, limazungulira khoma. Limenelo ndiyenera kugawa nyumba yonse m'tizigawo ting'onoting'ono, kompyuta iwerengere kalikonse."

"Nanga ziwirizo zikumana pati, mwana wanga?"

"Pakatipo ndi pamene pakundidwalitsa mutu. Iyi ikunena zake, iyo zake."

Amayi ake, amene ankapeta chapafupi, anaseka mosakondwa. "Iwe Ayub, kompyutayo makutu ake ali kuti? Tidya manambala?"

Ayub anaonda, koma njira ziwirizo anazilumikiza. Anajambula kulira kwa mota ya magetsi, naliika m'masamu ake, ndipo masamuwo anamuuza pomanga khoma la njerwa ndi poika matumba a mankhusu. Atamaliza, phokoso linatsikadi. Ngakhale anamwino anavomereza.

Tsiku limene komiti inabwera kudzamvetsera, magetsi anazima m'mawa. Alimi anali atafola kale ndi mpunga wawo. A Stanley, amene ankagwira ntchito pachigayopo, anachita zimene aliyense kuno amachita magetsi akapita: analiza injini ya dizilo. Injiniyo inkakhala panja, kuseri kwa khoma latsopano, mbali yoyang'ana kuchipatala. M'masamu a Ayub munalibemo. Anaizolowera kwambiri moti sanaiganizire n'komwe.

Mawindo a chipatala ananjenjemera.

"Chonde akuluakulu, dikirani magetsi ayake mumve!" Ayub anapempha atagwada pa mankhusu.

"Magetsiwo ayaka liti?" anafunsa wapampando wa komiti. "Azimayi aziyembekeza magetsi kuti achire?"

Pofika masana, pachitseko panali loko. Alimi anakweza matumba awo panjinga n'kulowera ku Salima, amayi ake a Ayub akuwayang'ana lichero lili m'manja.