Wopenta Nyenyezi wa pa Nsaru

A Simeon Kachigamba anaphunzira kugwira bulashi ali mnyamata, pothandiza mmisiri wina amene ankapenta makalasi ku mishoni ya Namitete. Sukulu anailekeza panjira, koma dzanja lawo linali lowongoka. Atakwatira anakakhazikika pa Nsaru, kumene ankalemba mayina pa magolosale, pa zigayo ndi pa ngolo za alimi a fodya.

Ntchito yeniyeni inawapeza pamene Mgwirizano wa Mayiko a ku Ulaya unayamba kuthandiza kukonza misewu yafumbi ndi milatho ing'onoing'ono m'deralo. Pa mlatho uliwonse pankafunika chikwangwani, ndipo pakona ya chikwangwanicho pankakhala mbendera ya mgwirizanowo: nyenyezi zachikasu khumi ndi ziwiri, zondandalikidwa mozungulira pa penti wabuluu. A Simeon anaboola katoni mooneka ngati nyenyezi, n'kumapenta nayo kuyambira ku Kabudula mpaka ku Mpingu. Anthu anayamba kuwatchula kuti a Nyenyezi, iwo n'kumavomera.

Wailesi sinkachoka pambali pawo. Ndi pomwe anamvera kuti mgwirizanowu unayamba ndi mayiko asanu ndi limodzi, ena mwa iwo atangosiya kumene kumenyana pa nkhondo yaikulu, ndipo chimene anayamba kugwirizana chinali malonda a malasha ndi zitsulo. Nkhaniyi ankaikamba pabawo ngati anaiona ndi maso.

Mu 2004 anamva kuti mayiko ena khumi alowa, ndipo onse pamodzi akwana 25. Sabata yomweyo anali ndi chikwangwani cha mlatho watsopano wa ku Nambuma. Anaganiza paokha kuti mbendera yakale ija yatha ntchito. Anaboola katoni ina ya nyenyezi yaing'ono, napanikiza nyenyezi 25 m'bwalo lomwelo, zonse zofanana, popanda ina kukhudza inzake.

Mayi Dorcas Chimphepo, amene ankayang'anira ntchito ya mlathowo, anafika pa njinga yamoto alendo odzatsegulira atatsala pang'ono kubwera. Anaima nthawi yaitali patsogolo pa chikwangwanicho.

"Bambo Kachigamba, kodi izi wakuuzani ndani?"

"Wailesi, mayi. Akuti mayiko awonjezekera. Ndiye enawo tiwasiye panja?"

"Nyenyezizi si mayiko ayi. Kaya alowa angati, kaya atuluka angati, zimakhala khumi ndi ziwiri basi. Fufutani lero lomwe."

A Simeon anapaka penti wabuluu pamwamba, nadikira kuti aume, napentanso monga mwa kale. Dzuwa likawomba cham'mbali nyenyezi zapansizo zinkaonekerabe pang'ono, koma alendowo sanazindikire. Kunyumba anangouza akazi awo, a Natalia, kuti ntchito yokongola kuposa zonse imene anagwirapo sinathe ndi sabata yomwe.

Patapita zaka, zikwangwani zinayamba kubwera zosindikiziratu pa makina a m'tauni. Palibe amene anawachotsa ntchito, anangosiya kuwaitana. Anabwerera ku ngolo ndi zigayo, nakulitsa munda wa mtedza. Dziko la Britain litatuluka mu mgwirizanowo, anzawo a pabawo anawafunsa moseka ngati apite kukafufuta nyenyezi imodzi. Iwo anayankha kuti funso limenelo linayankhidwa kalekale, napitiriza masewero.

Masiku ano maso awo achita chifunga. Mwana wawo Vanessa, amene amasoka zovala pamsika, ndiye amawalembera zilembo ndi choko, iwo n'kumatsatira ndi bulashi. Ntchito imene imabwera kawirikawiri ndi ya mitanda ya kumanda. Abale a womwalirayo amabwera ndi dzina, a Simeon amafunsa kawiri kalembedwe kake, kenako amawauza kuti adzatenge mtandawo penti akauma.